Ndalama zophunzitsira mainjiniya a khonsolo za kukonza malo okhala ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Tsamba ili ndi la mainjiniya ndi matekinishani a khonsolo, makhansala amene amavomereza bajeti, komanso aliyense amene anagula puloti muno mu Mzuzu n'kumadabwa kuti madzi a mvula akulowera kukhomo kwake bwanji m'malo motsata ngalande. Mafunsowa ndi amene sakhalira kubwera nkhani yotumiza ogwira ntchito ku maphunziro ikayambika.

Kodi injiniya amene ali kale ndi digiri akufunanso maphunziro anji?

Digiri ya zomangamanga, monga imene ambiri anatenga ku Polytechnic ku Blantyre isanasinthe dzina kukhala MUBAS, imaphunzitsa munthu kuwerengera mphamvu ya konkire, kujambula msewu ndi kudziwa mmene madzi amayendera mu paipi. Zonsezo n'zofunika. Koma kusandutsa chitunda cha tchire kukhala mapuloti 300 ndi ntchito ya mtundu wina, chifukwa imakumanitsa anthu angapo: wojambula mapulani a mzinda, saveya woika mabikoni, wa zachilengedwe, wodziwa malamulo a malo, ndiye injiniyayo. Pa onsewa, injiniya ndi amene amayenera kunena ngati zimene zili papepala zingatheke pa nthaka yeniyeni. Akasaina asanafunse kuti madzi ochoka pa malata a nyumba 300 akathera kuti, madziwo amadzipezera okha njira, ndipo kawirikawiri njira yake ndi msewu womwewo.

Malamulo nawonso anasintha. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Land Act, Customary Land Act, Physical Planning Act ndi Land Survey Act, ndipo mu 2022 ena mwa malamulowa anakonzedwanso. Mu 2017 kunabwera Environment Management Act, lamulo limene linakhazikitsa MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Amene anamaliza sukulu zimenezi zisanachitike sanazione m'kalasi, koma ndi zimene akuyenera kugwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Nanga Mzuzu ili ndi chiyani chapadera? Kosi ya ku Lilongwe siyingakwane?

Nthaka ndi mvula. Mzinda uno unakhala pa zitunda ndi zigwa, pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo pakati pa zitundazo pali madambo othira mu Lunyangwa ndi timitsinje tina. Mvula yakuno imachedwa kusiya. Anzathu kumwera akamakolola, kuno kumakhala kukadali mvumbi. Dothi la katondo likakhuta madzi pamalo pamene munthu wadula phiri kuti apeze poika maziko, limatha kutsetsereka ndi khoma lomwe. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno, anthu anataya miyoyo, ndipo Masasa ndi amodzi mwa madera amene anakhudzidwa kwambiri.

Kwinaku anthu akuchuluka. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000, pamene wa 2018 anapeza 221,272. Owonjezerawo sanadikire kuti wina awapimire malo. Anagula kwa mafumu, kwa eni minda ndi kwa madobadoba, ndipo mzinda ukufalikira cha ku Dunduzu, Lupaso, Nkhorongo, Sonda ndi Msongwe. Eni malo nawo si mmodzi: pali Unduna wa za Malo, pali Malawi Housing Corporation (MHC), pali khonsolo. Ngalande imodzi imatha kudutsa malo a onse atatu. Komanso mzinda ulibe mapaipi a zonyansa ofika paliponse, choncho pafupifupi nyumba iliyonse imadalira chimbudzi chokumba kapena sepitiki thanki, nthawi zina pafupi ndi chitsime cha mnansi wa kumunsi.

Kosi ya ku Lilongwe ingathandize pa za malamulo ndi kayendetsedwe ka makontirakiti. Koma zitsanzo za malo athyathyathya sizimukonzekeretsa munthu kukaima pa chitunda cha ku Masasa.

Ndalama yoyamba ichokere kuti?

Mu bajeti ya khonsolo. Ambiri amathamangira kwa mabungwe akunja asanagogode pakhomo pawo pomwe, koma wothandiza aliyense amayamba wafunsa kuti eni akenu mwaikapo chiyani.

Chofunika kwambiri ndi nthawi. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo makhonsolo amatsata chomwecho. Ntchito yokonza bajeti imayamba miyezi ingapo Epulo asanafike. Nthambi ya zomangamanga imapereka zosowa zake, a nthambi yoona za ogwira ntchito amaziika mu ndondomeko ya maphunziro ya chaka, komiti ya zachuma imaziunika, khonsolo yonse imavomereza, ndipo bajetiyo imadutsanso ku National Local Government Finance Committee (NLGFC). Injiniya amene wabwera ndi kalata yoitanidwa ku kosi mwezi wa Julaye, ndalama yake isanalembedwe paliponse, akupempha mkulu wa zachuma kuti achotse ndalama pa ntchito ina. Yankho lake mukulidziwa kale.

Vuto lachiwiri n'lakuti khonsolo ya mzinda imadalira kwambiri ndalama zimene imatolera yokha: misonkho ya nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, ndalama za m'misika ndi zina zotero. Zikapanda kutoleredwa mokwanira, malipiro ndi mafuta a galimoto zotaya zinyalala zimayamba, ndipo mzere wolembedwa kuti "maphunziro" ndi umene umadulidwa msanga. Palibe khansala amene angadzudzulidwe kuwodi kwake chifukwa chodula mzere umenewo. Ndiye musaulembe choncho. Lembani kuti "kuphunzitsa anthu 8 kapimidwe ka ngalande za mapuloti atsopano a dera lakutilakuti". Khansala wa dera limenelo adzaumenyera nkhondo yekha.

Kodi ndalama zimene anthu amalipira pogula mapuloti zingalipire maphunzirowa?

Maganizo athu ndi akuti inde, ndipo kumeneku ndiye koyenera kuyang'ana kwambiri. Munthu akapatsidwa puloti ndi khonsolo, ndi Unduna wa za Malo kapena ndi MHC, amalipira ndalama zimene amazitcha development charges. Tanthauzo lake n'lakuti akulipirira msewu, ngalande, makalavati ndi mabikoni. Koma kalavati woikidwa pamalo olakwika, kapena wochepa kukula, ndi ndalama yotayika. Luso la munthu amene akusankha kukula kwa kalavatiyo ndi mbali ya mtengo wa puloti, chimodzimodzi simenti ndi miyala. Tikapitiriza kuona maphunziro ngati mphatso imene bwana amapatsa wantchito womukonda, ndalama yake siidzapezeka. Tikawaona ngati mbali ya ntchito yokonza malowo, ili kale m'manja mwathu.

Tiyerekeze kuti misewu ndi ngalande za dera latsopano zidya K500 miliyoni. Gawo limodzi pa magawo 100 alionse ndi K5 miliyoni. Ndalama imeneyo siingatumize munthu ku London, koma ingabweretse katswiri kuno kwa masiku angapo kuti agwire ntchito limodzi ndi gulu lonse pa dera lomwelo. Yerekezani ndi mtengo wobwezeretsa msewu umodzi umene wakokoloka mvula yoyamba.

Njira yosavuta kwambiri ndi kuzilemba mu kontirakiti. Khonsolo ikamalemba kampani ya akatswiri kuti ijambule misewu ndi ngalande, iike m'zikalata zoitanira ma bid kuti kampaniyo idzagwira ntchito ndi mainjiniya a khonsolo otchulidwa maina, idzawaphunzitsa masiku akutiakuti, ndipo pomaliza idzasiya mafailo a pa kompyuta otheka kutsegula ndi kusintha, osati mapepala osindikiza okha. Malipiro omaliza adikire mpaka zimenezi zitachitika. Popeza zalembedwa poyera kuyambira pachiyambi ndipo makampani onse opikisana aziona, sizisemphana ndi malamulo ogulira katundu ndi ntchito za boma amene bungwe la PPDA limayang'anira.

Njira ina ndi yakuti khonsolo yonse igwirizane, n'kulemba m'maminitsi, kuti kagawo kakuti ka ndalama zokonzera mapuloti kapena ka ndalama zounikira mapulani a nyumba kazipita ku luso la ogwira ntchitoyo. Apa pafunika kusamala. Ndalama yotoleredwa pa cholinga china siisunthidwa ndi kalata ya bwana mmodzi. Ikhale mu bajeti yovomerezeka, ndipo a zachuma afunsiretu ku NLGFC, kuti ma auditor akadzabwera asadzaitchule ndalama yosokonekera. Ndipo tinene mosabisa: kumene anthu analipira kale development charges koma msewu sanauone, kukamba zotengako ndalama ya maphunziro n'kuwaputa dala. Msewu uyambe waoneka.

Boma lalikulu silithandiza?

Limathandiza, koma mzere wake ndi wautali. Nthambi ya boma yoona za ogwira ntchito, DHRMD, ndi imene imayendetsa thumba la boma lolipirira maphunziro a ogwira ntchito m'boma, ndipo maina amadutsa ku unduna. Malawi School of Government, imene inapangidwa pophatikiza MIM ya ku Kanengo ndi SDI ya ku Mpemba, imaphunzitsa za utsogoleri, zachuma ndi kayendetsedwe ka ntchito. Kumeneko n'kothandiza kwa mkulu wa nthambi, koma musayembekezere kukaphunzirako kapimidwe ka ngalande.

Samalani ndi mapulojekiti amene mumawamva pa wailesi. Mwachitsanzo GESD, ya ndalama za World Bank, inakonzedwera makhonsolo 28 a maboma, choncho inakhudza M'mbelwa, Nkhata Bay kapena Rumphi, osati khonsolo ya mzinda. Komabe mzinda uno ukukulira m'malo a M'mbelwa, ndiye kosi imodzi yophunzitsa mainjiniya a mbali zonse ziwiri ndi yanzeru, ndipo aliyense angalipire kuchokera m'thumba lake.

Nanga CDF?

Ayi. Thumba limenelo ndi la zitukuko za kudera, ndipo kuligwiritsa ntchito polipirira wantchito wa khonsolo sukulu n'kudziitanira mavuto.

TEVETA ndi NCIC zikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa TEVET, womwe ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo TEVETA ili ndi ndondomeko zothandizira maphunziro a anthu amene ali kale pantchito. Ofesi yawo ya chigawo cha kumpoto ili mommuno. Kumeneku n'koyenera makamaka kwa matekinishani, mafolomani, omanga ndi oyendetsa makina okonzera misewu. Funso loyamba limene mungakumane nalo n'lakuti kodi msonkhowo mukupereka, ndiye a zachuma akhale ndi yankho musanapite.

NCIC (tsopano ikutchedwa CIRA), bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti liziyang'anira ntchito zomangamanga, lakhala likuchititsa makosi aafupi a makontirakitala ndi oyang'anira ntchito. Ubwino wake ndi wakuti woyang'anira wa khonsolo amakhala m'kalasi limodzi ndi kontirakitala amene adzakumane naye pamsewu, ndipo onse amamva muyezo umodzi kuchokera pakamwa pamodzi.

Ndikufuna digiri yachiwiri kunja. Ndiyambire pati?

Mwayi ulipo, ndipo wambiri munthu amafunsira yekha. Chevening ya ku Britain imalipira digiri ya masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Palinso Commonwealth Scholarships, DAAD ya ku Germany ndi Australia Awards. Pa makosi aafupi pali JICA ya ku Japan ndi ITEC ya ku India, ndipo ameneŵa amafuna kuti boma kapena olemba ntchito akuvomerezeni. Sukulu ya IHS ku Rotterdam imadziwika pa za nyumba ndi kakulidwe ka mizinda.

Musaiwale zapafupi. Ardhi University ku Dar es Salaam imadziwika pa za malo, ndipo kuchoka kuno mumangodutsa pa Songwe. RCMRD ku Nairobi, bungwe limene dziko la Malawi ndi membala, imaphunzitsa za mapu ndi zithunzi za setilaiti.

Chimene chimagwetsa ambiri si magiredi. Ndi kalata yofotokoza chifukwa chake akufuna maphunzirowo. Amalemba kuti akufuna kutukula dziko, zomwe aliyense amalemba. Inu muli ndi nkhani imene ena alibe: mzinda umene anthu ake anawonjezeka ndi oposa theka m'zaka khumi, womangidwa pa zitunda, wopanda mapaipi a zonyansa. Lembani za dera limodzi, vuto limodzi, ndi chimene mudzasinthe mukabwerako. Chilolezo chochoka pantchito muyambe kuchifunsa nthawi yomwe mukufunsira malo a sukulu, osati tikiti ya ndege itafika.

Chabwino n'chiti: kutumiza munthu mmodzi kunja kapena kubweretsa mphunzitsi kuno?

Ngati ndalama ndi ya khonsolo, bweretsani mphunzitsi. Ngati ndi ya ena, monga ya ma scholarship tatchulawa, mulekeni munthuyo apite.

Chifukwa choyamba ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kosi yolipira m'madola imene inakwanira mu bajeti ya Epulo inapezeka kuti siyikukwaniranso chaka chisanathe, osanena za kuvuta kopeza madolawo ku banki.

Chachiwiri n'chakuti aphunzitsi tili nawo pakhomo. Mzuzu University ku Luwinga imaphunzitsa za kupima malo, kukonza mapulani a mizinda ndi kuyang'anira malo, ndipo ili ndi likulu la kafukufuku wa madzi ndi ukhondo. Mzuzu Technical College ilipo. Ku Northern Region Water Board, ku ESCOM ndi ku Roads Authority kuli mainjiniya odziwa bwino mbali zawo, amene mapaipi, mapolo ndi misewu yawo zimadutsa m'mapuloti omwewo. Mgwirizano wolembedwa pakati pa khonsolo ndi yunivesite ungapangitse kuti ophunzira a chaka chomaliza azipima madera enieni a mzinda, mainjiniya a khonsolo akuphunzira nawo kagwiritsidwe ka zipangizo.

Mapulogalamu a pa kompyuta asakhale chowiringula. QGIS ya mapu, SWMM ya madzi a mvula, EPANET ya mapaipi ndi HEC-RAS ya mitsinje, onsewa ndi aulere. Chimene chimadya ndalama ndi kompyuta yamphamvu, intaneti, ndi nthawi ya munthu woti akuonetseni.

Chachitatu, ndipo kwa ife ndicho chachikulu: kosi ya kuno ingachitikire pa dera lenileni. M'mawa m'kalasi, masana kumalo. Gulu liyende m'mbali mwa dambo, lipeze pamene madzi amasonkhana, liwerengere kukula kwa dera lothira madzi pa kalavati aliyense, liyeze kulimba kwa dothi ndi chipangizo chokhomera pansi chotchedwa DCP, litsutsane ngati msewu ukwere chitunda molunjika kapena uchizungulire. Sabata ikamatha, khonsolo imatsala ndi pulani ya ngalande yoti igwiritse ntchito, kuwonjezera pa masatifiketi. Nthawi yabwino yoyendera malo ndi ya mvula, ngakhale kuti ndi imene aliyense amaikana. Mu Okutobala dambo limaoneka ngati puloti yabwino.

Bwanji za maalawansi?

Ili ndi funso limene anthu amafunsira pambali. Tonse tikudziwa kuti kosi ikachitikira ku Nkhata Bay kapena ku Mponela, ndalama ya mafuta, malo ogona ndi maalawansi imatha kuposa ya mphunzitsi, ndipo pa mndandanda wa opita pamapezeka maina a anthu amene sanagwirepo tepi yopimira. Sitikunyoza aliyense. Malipiro ndi ochepa, ndipo alawansi imalipira fizi ya mwana. Koma tizitchula chinthu dzina lake: imeneyo ndi nkhani ya malipiro, ndipo ikathetsedwe ngati nkhani ya malipiro. Pa pempho lililonse la maphunziro, komiti ifunse kuti pa K100 iliyonse, zingati zikupita kwa mphunzitsi ndi zipangizo. Zikachepera theka, pempholo libwerere.

Kampani yogulitsa mapuloti yati indilipirira kosi. Ndivomere?

Musavomere. Mawa kampani yomweyo idzabweretsa pulani yake patebulo panu, yokhala ndi misewu yopapatiza ndi mapuloti olowa m'dambo, ndipo cholembera chanu chidzalemera. Malinga ndi Corrupt Practices Act, phindu limene wogwira ntchito za boma walandira chifukwa cha udindo wake lingathe kuonedwa ngati katangale, ngakhale lisakhale ndalama ya m'manja, ndipo ACB ili ndi ofesi mommuno. Ngati makampani akufunadi kuthandiza, alembere mkulu wa khonsolo, thandizolo lilengezedwe pa msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo osankha opita akhale khonsolo. Chabwino koposa ndi kosi yotseguka, imene akatswiri a makampaniwo amalipira malo awo ndipo ndalamayo imachepetsa mtengo wa onse.

Tikamuphunzitsa n'kutithawa?

Zimachitika, ndipo zidzachitikabe. Injiniya wodziwa ntchito amafunidwa ndi makontirakitala, mabungwe ndi maiko oyandikana nafe. Ena sathawa n'komwe, amangosamutsidwa, poti akuluakulu a m'makhonsolo amalembedwa kudzera ku Local Government Service Commission ndipo angatumizidwe kwina.

Pa maphunziro aatali, bondi ndi yoyenera: asaine kuti adzagwira zaka zakuti akabwerako, apo ayi abweze ndalama. Isainidwe asananyamuke, ndipo wina aisunge pamalo podziwika. Koma bondi imagwira thupi la munthu, luso lake ayi. Chotchinjiriza chenicheni ndi kuphunzitsa anthu angapo nthawi imodzi, ndi kuonetsetsa kuti zimene aphunzira zasanduka zinthu zotsala mu ofesi: zojambula za muyezo za ngalande ndi makalavati, mndandanda wa zoyenera kuona pulani ya mapuloti isanavomerezedwe, ndi mapu osungidwa pa kompyuta ya khonsolo, osati pa laputopu ya munthu. Wosamutsidwa kupita ku Karonga kapena ku Kasungu sanatayike kwenikweni. Lusolo likadali m'makhonsolo.

Kodi maphunzirowa ndi a mainjiniya a digiri okha?

Ayi, ndipo kuganiza choncho n'kumene kumawononga ndalama. Amene amakhala pamalo kontirakitala akamathira konkire ndi tekinishani ndi folomani. Amene amaona kuti munthu wayamba kukumba maziko m'malo a msewu ndi woyendera nyumba. Makhansala a komiti ya zomangamanga ndi ya mapulani nawo akufunika tsiku limodzi lowaonetsa kawerengedwe ka mapu, kuti adziwe chimene akuvomereza. Ndipo ma block leader, amene anthu ambiri amayamba kuwaona akamagula malo, atadziwa kutalika kwa malo oyenera kusiyira msewu ndi mtsinje, milandu yambiri ikanathera komweko. Zokambirana za kumadera zichitike m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Chingerezi chitsale mu lipoti.

Ndalama zolembetsera ku bungwe la mainjiniya alipire ndani?

Lamulo la 2019 linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, ndipo wogwira ntchito ya uinjiniya amayenera kulembetsa kumeneko ndi kumapitiriza kuphunzira. Chiphasocho ndi cha munthu, amapita nacho kulikonse, choncho ena amati alipire yekha. Ife tikuona kuti khonsolo imene ikufuna siginecha yovomerezeka pa mapulani ake iyenera kulipira, monga imalipirira inshuwalansi ya galimoto zake. Chimodzimodzi masaveya ku Surveyors Institute of Malawi ndi okonza mapulani ku Malawi Institute of Physical Planners.

Pali chinthu china chosadya ndalama zambiri chimene chimaiwalika. Injiniya wachinyamata amafunika kugwira ntchito pansi pa injiniya wolembetsedwa kuti naye adzalembetsedwe mokwanira. Ngati mu ofesi mulibe woteroyo, khonsolo ipemphe wa ku bungwe lina la boma mumzinda muno kuti azimuyang'anira. Kalata imodzi ndi yokwanira kuyambitsa zimenezi.

Pempho la ndalama lilembedwe bwanji kuti limveke?

Yambani ndi malo, osati ndi kosi. Tchulani dera, kukula kwake, chiwerengero cha mapuloti ndi nthawi imene khonsolo ikufuna kuwagawa. Kenako nenani chimene gulu lanu silingathe kuchita lero. Musachite manyazi kulemba kuti palibe amene anawerengerapo madzi a dera lonse pa kompyuta, kapena kuti mapu amene muli nawo ndi akale kuposa nyumba zimene zili pamalopo. Wopereka ndalama amakhulupirira pempho lotere kuposa lodzaza ndi mawu akuluakulu.

Ikanimo zithunzi za kalavati amene anakokoloka, ndi ndalama imene khonsolo inawononga pokonza, yochokera m'mabuku anu enieni. Tchulani maudindo a anthu amene adzaphunzire ndi chifukwa chake mwasankha iwowo. Onetsani mitengo ya ophunzitsa angapo. Nenani chimene khonsolo ikuikapo, ngakhale chikhale chipinda, galimoto ndi nthawi ya ogwira ntchito. Pomaliza lembani chimene chidzaoneke pakatha miyezi 6: pulani ya ngalande yovomerezedwa, mapu a madera osayenera kumangapo, kapena kuchepa kwa masiku amene munthu amadikira kuti pulani yake iunikidwe.

Kwa mabungwe akunja, dziwani chimene chili pamtima pawo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ochoka m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, nkhani yomanga m'malo otsetsereka inasiya kuoneka ngati ya akatswiri okha, ndipo chaka chomwecho dziko linakhala ndi lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pempho lonena za kuteteza anthu ku madzi osefukira ndi kugumuka kwa nthaka limapeza makutu ambiri kuposa longoti "kukweza luso la ogwira ntchito", ngakhale kuti ntchito yake ndi imodzimodzi. Koma walira mvula walira matope: ndalama ya bungwe imabwera ndi malipoti, masiku ake ndi ma audit ake, ndiye pakhale munthu mmodzi wodziwika woyankha zimenezo. MALGA, bungwe la makhonsolo onse, ingathandize kulumikiza makhonsolo angapo kuti apemphe limodzi.

Ine ndine wokhala mumzinda chabe. Zikundikhudza bwanji, ndipo ndingachitepo chiyani?

Mumalipira kawiri. Koyamba pogula puloti, kachiwiri pomanga khoma lotchinga madzi, pogula matayala, kapena pokwera kabaza wokwera mtengo chifukwa matakisi akana kulowa kwanu mwezi wa Febuluwale. Malo akagawidwa molakwika, kukonza kwake kumafuna kugwetsa nyumba za anthu, ndipo palibe khonsolo imene imachita zimenezo mosavuta.

Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo Access to Information Act, imene inayamba kugwira ntchito mu 2020, imakupatsani ufulu wopempha zikalata za boma. Funsani khansala wanu, kapena komiti ya chitukuko ya wodi yanu, kuti mu bajeti ya chaka chino mwaikidwa zingati zophunzitsira a nthambi ya zomangamanga, anapita ndani chaka chatha, ndipo anabwerako ndi chiyani. Musanalipire puloti m'dera latsopano, pemphani kuona pulani yovomerezedwa ndi komiti ya mapulani, muone ngati ikusonyeza ngalande ndi kumene zikathire. Ngati wogulitsa akungokulozerani mabikoni, pitani ku ofesi ya mapulani ku Civic Offices ndi nambala ya pulotiyo mukafunse nokha.